Galimoto ya m'Kabati ya Alamu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anakhala ndi galimoto zaka ziwiri osaiyendetsa ngakhale kamodzi. Sindikunena yokwera anthu ayi. Ndikunena ya limoti, yofiira, yaitali ngati kuchokera pachigongono changa kufika kunsonga kwa chala, ya matayala a manomano. Anachita kupatsidwa ndi mlendo wina ku loji komwe amagwira ntchito yoperekera zakudya, konkuno ku Senga Bay. Batire lake linali litafa, mlendoyo sanaone chifukwa chokwezera mtembo ndege, ndiye anangoti tengani. Alamu anafika nayo pakhomo ataifungatira ngati khanda lotuluka kuchipatala, n'kuitsekera m'kabati yagalasi, pakati pa makapu a paukwati, mbale ya shuga ndi duwa lapulasitiki.

Nyumba yawo ili pabwalo pathu pomwepa, poti ndi akamwini, choncho mwambo wawo wa Lamulungu ndinkauonera pawindo mwaulere. Akachoka kutchalitchi, asanavule n'komwe tayi, ankatsegula kabati n'kuitulutsa ndi manja awiri. Chigoba ankachipaka polishi wa mipando. Matayala ankawapaka polishi wa nsapato, wakuda, n'kuwakwecha ndi burashi mpaka awale. Akamaliza ankaiyang'ana kaye atapendeketsa mutu, kenaka n'kuibwezera. Kukabwera alendo, tiyi asanafike, nkhani inali yomweyo.

"Chimenechi si chidole," ankatero. "Amenewa ndi mashini. Mwini wake anandiuza yekha kuti imasiya njinga yamoto."

"Nanga imayenda?"

"Ikudikira batire lochokera kunja."

Alendo ankagwedeza mitu mwaulemu, monga timachitira akatiuza za m'bale amene anapita ku Joni ndipo akubwera chaka chamawa. Ine mtima unkandiwawa. Munthu wotere ukamupatsa bwato amalipaka utoto n'kulikweza padenga kuopa kuti linganyowe.

Nthawi imeneyo ndinali Fomu 2, ndipo matenda a timagalimoto anali atandigwira kale. Loweruka lililonse masana tinkakumana pabwalo la simenti la loji ina yomwe inatsekedwa kalekale, pomwe azungu ankamenyerapo tenisi. Tinalipo anayi: ine, anyamata awiri a kusekondale ina, ndi mkulu wina wokonza mafoni pamsika, amene ndiye anatiyambitsa. Njira tinkaiika ndi mabotolo odzaza mchenga, mpikisano unali wozungulira kasanu. Womaliza ankasesa bwalo Loweruka lotsatira, chifukwa mwera ukaomba mchenga umadzaza paliponse, ndipo mchenga ukalowa m'magiya umawadya ngati chiswe. Tsache la pabwalopo linkandidziwa dzina.

Galimoto yanga inali ya pamsika wa ku boma, ya mtundu uja wolira kwambiri kuposa mmene umayendera. Ndinayesa zonse. Ndinaichotsa mipando, magetsi ndi kadalaivala kapulasitiki kuti ipepuke. Ndinaiika mota ya mu DVD yakufa. Ndinaiwonjezera batire limodzi, inathamanga bwino mikono khumi, kenaka inatulutsa utsi wonunkha ngati wina akuotcha jumbo. Tsono taganizani: ine kumasesa bwalo sabata ndi sabata, mashini enieni akugona pafupi ndi shuga, tsidya lina la bwalo lathu lomwe.

Kiyi wa kabati ankamubisa m'tiipoti, pamwamba pa kabati pomwepo. Kumeneko ndiye kubisa kwa alamu. Tsiku loyamba ndinangofuna kuona, Mulungu ndi mboni, ngakhale sindikumukakamiza kuti abwere adzanene. Alamu anali kuntchito, achemwali atapita kugombe kukagula usipa. Chigoba chinkagwidwa ndi timapini tinayi. Nditatisolola n'kuchikweza, ndinakhala pansi n'kumayang'ana. Mota yonenepa ngati mpini wa khasu. Masipuling'i okhala ndi mafuta mkati, oti ukawakanikiza amabwerera pang'onopang'ono ngati munthu wokhuta akudzuka pamphasa. Kamakina kokhotetsa mawilo, timabokosi tiwiri ta mawaya. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali dothi louma la kwawo kwa mlendo uja. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti nthawi yonse ija ya polishi, alamu anali asanakwezepo chigobacho.

Ndinabwereka mota yokha. Kuti kulemera kusasinthe ndinamangirira loko wakale pamalo pake. Lamulungu lotsatira ndinaima pawindo. Anaitulutsa, anaipaka, anapendeketsa mutu, anaibwezera. Lolemba ndinabwerera.

Vuto la zinthu zabwino ndi lakuti sizifuna kukhala ndi zoipa. Mota ija inkafuna kabokosi kake kolamula liwiro. Kabokosiko kankafuna kanzake komva limoti. Kanzakeko sikankamva limoti ina koma yake, ndiye ndinatsegula limoti ya alamu, yooneka ngati mfuti ija, n'kuchotsa zam'kati zonse, n'kuikamo kajumbo ka mchenga. Magiya anga apulasitiki anaguluka mano tsiku limodzi, ndiye ndinatenga awo. Magiya awowo sankakhala pena koma pa chasisi chawo, thandala lija lomwe zonse zimamangidwapo. Ine ndiye ndilakwe pati? Chinthu chilichonse chinkaitana chinzake. Pofika kumapeto kwa teremu, m'kabati munatsala chigoba ndi matayala anayi, zitakhala pa kathabwa, mkati muli maloko awiri ndi mwala wa ukonde. Alamu anapitiriza kupaka kathabwa kawo polishi, n'kumauza alendo kuti kamasiya njinga yamoto.

Zomwe ndinabwerekazo ndinazivundikira ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chodula pakati, kuti maso a anthu asafikeko. Mawilo ndinadula ku masilipasi akale, zidutswa zitatuzitatu zomata ndi guluu, n'kuwazunguza pa mota yomweyo nditagunditsa sandipepa mpaka atabulungira. Musaseke, pa simenti palibe tayala logwira ngati silipasi. Zam'kati mwa limoti zinalowa mu kontena ya majarini, pamwamba n'kuikapo timabatani tiwiri topotokola ta wailesi yakufa, kena kokhotera, kena ka liwiro. Moto unkachokera ku mabatire a mu laputopu yowonongeka, omwe mkulu wa mafoni uja anandithandiza kuwotcherera. Ankatha msanga, koma kasanu kokha ankakwanitsa.

Loweruka loyamba ndinamaliza kasanu anzanga ali kachitatu. Mkulu wa mafoni anatola chigubu changa, n'kusuzumira kunsi kwake.

"Mfana, izi si za mu DVD."

"Ndinatola, akulu."

"Unatola kuti?"

"Pomwe zinali."

"Wallahi, iwe udzakalambira kundende," anatero, kenaka anandipempha kuti ayendetseko kamodzi.

Alamu nawo ankachiona chigubucho ndikamachiyesa pakhomo. Ankaima pakhonde manja ali m'thumba, kamwa atalipinda ngati alawa ndiwo zopanda mchere.

"Alamu, chikatopa chimenecho muzikatungira madzi. Chimayesetsa, sindikukana. Koma yangayi ikadzangodzuka, mudzachibisa kuseri kwa bafa."

"Tidzaona, alamu."

Mota yawo yomwe inkawadutsa m'mapazi ikulira, iwo osaizindikira ngakhale mawu. Ukanamuzindikira bwanji mwana amene sunamumvepo akulira?

Batire lochokera kunja lija, lomwe tonse tinkaliyesa nthano, linabweradi. Mlendo uja anakumbukira, anatumiza kudzera mwa mnzake amene anabwera kutchuthi, pamodzi ndi tchaja yake. Linali Lachinayi. Ndikuchokera kusukulu ndinapeza alamu atakhala pakhonde, galimoto ili pamiyendo, batire atalikulunga m'kansalu.

"Alamu, tabwerani kuno, inu a sayansi. Loweruka ndaitana anzanga onse a kuntchito, ndi ophika omwe, kubwalo kwanu kuja. Akaone kusiyana kwa mashini ndi chigubu. Tandiikirani ichi, ine zala zanga n'zazikulu."

Zala zawo n'zazing'ono kuposa zanga. Ankangoopa kutsegula basi. Mantha awowo ndi amene anandipulumutsa, chifukwa akanangosolola timapini tija pakhondepo, akanakumana ndi maloko awiri akuwayang'ana. Ndipo amayi anga sachedwa poweruza mlandu. Zonse zikanabwerera m'kabati tsiku lomwelo, kukagona pafupi ndi shuga mpaka kubwera kwa Yesu, ine n'kubwerera ku tsache. Chimenecho ndi chomwe ndinkaopa, osati ndodo. Ndodo imapola.

Ndinati ntchito yotere imafuna malo a phee, n'kunyamula zonse kupita kuseri kwa nyumba. Kathabwa, maloko ndi mwala ndinazikankhira pansi pa mulu wa nkhuni. Ndinakhala kumeneko theka la ola ndikukukuta nzimbe. Kenaka ndinabwerera ndi nkhope ya adokotala, chigoba ndi matayala zili m'beseni, m'dzanja muli mota ija ya mu DVD, yakupsa, yadzimbiri.

"Alamu, pepani. Injini yafa."

Anailandira ndi manja awiri. Anaitembenuza, anainunkhiza, anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Kameneka? Injini yonse n'kameneka?"

"Za azungu zimakhala zazing'ono, alamu, mphamvu imakhala mkati. Koma chinyezi cha kunyanja kuno sichikhululuka. Zitsulo zina zotsala ndaziviika m'parafini, kaya dzimbiri lichoka."

Anapumira m'mwamba.

"Ndinkaona ine," anatero. "Miyezi yapitayi kalemeredwe kake kanasintha. Ndinadziwa kuti china chake chikudyeka mkatimo."

Munthu wanzeru.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pompo. Koma alamu anali ataitana anthu, ndipo woperekera zakudya amapirira zonse, chipongwe cha alendo ndi chomwe, kupatula kusekedwa ndi ophika. Anadzera kwa achemwali, achemwali anadzera kwa amayi, ndipo Lachisanu masana amayi anandiitana akusankha mpunga.

"Iwe, alamu ako akupempha injini ya chigubu chako, ya mawa lokha. Uwabwereke."

"Amayi, zinthu zanga ndinazivutikira ine."

"Unavutikira chiyani, zotola kudzala? Munthu ameneyu anatifolera khitchini mvula ili pafupi. Usandichititse manyazi."

Kwa alamu, chilichonse chokhala pansi pa chigoba ndi injini. Chomwe ankafuna chinali choti ndichotse chigubu changa, ndivundikirepo chigoba chawo chofiira, ndimangenso matayala awo owala aja m'malo mwa masilipasi. Kunena mosazungulira, ankandipempha kuti ndiwabwereke galimoto yawo. Ndinavomera monyinyirika, maso ali pansi, kuti aliyense aone kuti ndikuumirizidwa.

Loweruka anabwera anthu asanu ndi mmodzi, ena akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Alamu anavala magalasi akuda. Chigoba anachinyamula okha, ndipo anafuna kuti chivekedwe pamaso pa onse, ngati korona. Apa ndiye panali pothina. Chigubu changa ndinkachimanga ndi mphira za chubu cha njinga, chifukwa sichinkakwana. Koma chigoba chofiiracho nditangochitsitsa, mabowo ake anayi anagwera pa timitengo tinayi ta chasisi ngati chivundikiro pa poto wake. Timapini tinalowa tokha. Mkulu wa mafoni anayamba kutsokomola, anatembenuka n'kumayang'ana mtengo wa mango.

Mkulu wa ophika, bambo wamfupi wa maso akuthwa, anawerama.

"Koma zakwanirana bwanji chonchi? Ngati zinabadwira limodzi."

Ndinayamba kusakasaka bodza, ine amene ndimakhala ndi mayankho atatu pa funso limodzi. Anandiyankhira ndi alamu.

"Ndi ubwino wa zinthu zakunja umenewo, achimwene. Zimakwana paliponse. Inu mumangodziwa anyezi."

Anthu anaseka, mkulu wa ophika anaweramuka. Sindinawakondepo alamu anga ngati mphindi imeneyo, ndipo inatha msanga.

Anatulutsa limoti yawo yamfuti ija, yodzaza mchenga. Ndinawauza kuti injini yanga siimva chilankhulo cha imeneyo, n'kuwapatsa kontena ya majarini. Anaiyang'ana ngati ndawapatsa khoswe wakufa, kenaka anaikuta ndi mpango wa m'thumba kuti anzawo asawerenge zolembedwa pambali.

"Aka n'kokhotera, alamu. Aka n'ka liwiro. Muzipotokola pang'onopang'ono."

"Alamu, ine ndinayendetsapo njinga yamoto kuchokera pano mpaka ku Chitala. Musandiphunzitse."

Panali zinthu ziwiri zomwe sindinawauze. Choyamba, batire latsopanolo linali ndi moto woposa mabatire anga a mu laputopu kutalitali, moti ngakhale ine ndikanayamba mwamantha. Chachiwiri, tayala lomwe ladya polishi wa nsapato zaka ziwiri likafika pa simenti limasanduka sopo. Sanandifunse. Kusukulu amatiuza kuti tiziyankha zomwe tafunsidwa.

Magalimoto anayi anaima pamzere. Mkulu wa mafoni anawerenga mpaka katatu. Alamu anapotokola kabatani ka liwiro monga amapotokolera wailesi timu yawo ikagoletsa, mpaka kumapeto. Matayala anazungulira pamalo amodzi akulira, akusiya mizere yakuda pa simenti. Kenaka anagwira. Ndikuvomereza kuti mlendo uja sananame, njinga yamoto ikanatsaladi. Galimoto inadutsa anzanga atatu aja ngati aimika pasiteji. Itafika pa botolo loyamba, pomwe pamafunika kukhota, alamu anaiwala kuti pali kabatani kena. Anakhotetsa kontena yonse, mapewa, chiuno, mpaka mwendo umodzi unanyamuka. Thupi lawo linakhota bwino kwambiri. Galimoto inapita molunjika, n'kukaomba chitsulo chomwe kale ankamangapo ukonde wa tenisi.

Chigoba chinali chitauma ndi polishi ndi ukalamba, chinaphulika ngati chikho. Zidutswa zofiira zinamwazika bwalo lonse. Tayala limodzi linagubuduka lokha, modekha, mpaka linakagona pa nsapato ya mkulu wa ophika.

Ndinathamanga, ndipo apa sindinkachita sewero. Ndinagwada n'kuyang'ana. Mota inali bwino. Magiya anali bwino. Batire silinakandike n'komwe. Kamkono kamodzi kogwira wilo lakutsogolo kanali katang'aluka, ntchito ya guluu ndi ulusi ya mphindi makumi awiri. Zonsezi ndinaziona mwa kuphethira kumodzi. Kumbuyo kwanga anthu anali atagwa ndi kuseka, wina akumenya simenti ndi chikhatho.

Ndiye ndinakhala pansi, miyendo nditatambasula, manja kumutu. Sindinalire, kulira kumachepetsa. Ndinangoyang'ana chasisi chija, phee.

Kuseka kunayamba kuzima mmodzimmodzi.

"Akulu, mwamuphera mwana chinthu chake," anatero mkulu wa ophika.

"Chotolera yekha kudzala, kachidutswa ndi kachidutswa," anawonjezera mkulu wa mafoni, mawu akunjenjemera. Anthu anayesa kuti ndi chisoni. Munthuyo ankalimbana ndi phwete.

Alamu anavula magalasi akuda. Anaima pakati pa bwalo ndi kontena ya majarini m'manja, mpango utagwa pansi, dzina la majarini likuoneka kwa aliyense.

Alamu anatenga batire ndi matayala awo. Kamkono kaja ndinakamata tsiku lomwelo, koma galimoto ndinaisiya kwa mkulu wa mafoni. Pakhomo ndinakhala masiku atatu osalankhula. Chakudya ndinkangochigwiragwira n'kuchoka, kenaka n'kukadya chipisi kumsika. Amayi anayamba kuwayang'ana alamu ndi diso lija amayang'anira nkhuku za eni zikalowa m'dimba. Za khitchini ija zinaiwalika.

Lachiwiri masana anandiitana pakhonde la amayi. Alamu anali atakhala pa kampando kakafupi, atavala malaya oyera, achemwali ali pambali pawo. Patsogolo pawo panali jumbo. Anayamba ndi kukhosomola, monga amachitira anthu pamilandu.

"Alamu, ine ndine wamkulu, koma wamkulu naye amalakwa. Munandibwereka chinthu chanu ndi mtima woyera, ine n'kuchiwononga pamaso pa anthu. Ndinakudererani. Ndinkachitcha chigubu. Pepani."

Ndinkayang'ana nyerere ikudutsa pa chala changa chakuphazi.

Anakankha jumbo ija. Munali batire latsopano, tchaja yake, ndi matayala anayi owala.

"Izi kwa ine zilibenso ntchito. Tengani, mwina zingathandize pokonza. Ndi zitsulo zija munaviika m'parafini, ngati muli chopulumuka, n'zanu."

Apa ndinadzutsa mutu pang'ono.

"Mukutanthauza zonse zomwe zinali mkati mwa galimoto yanu, alamu?"

"Zonse."

"Ndi zam'kati mwa limoti?"

"Nanga limoti yopanda galimoto ndiyendetsa nayo chiyani, mbuzi? Tengani."

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva, mwanawe. Landira, usaumitse mtima."

"Achemwali, mwamva?"

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandilera ndi iwowo, amadziwa nkhope yanga ya chisoni chenicheni, ndipo iyi sinali imeneyo. Anayang'ana amuna awo, malaya oyera, manja ali pamaondo. Anayang'ananso ine.

"Ndamva," anatero pang'onopang'ono. "Iwe, ndamva bwinobwino."

Ndinalandira jumbo ndi manja awiri, nditagwada, monga ndinaleredwera. Ndinawakhululukira alamu anga pomwepo, pamaso pa mboni ziwiri. Ndinawauza kuti asadziimbe mlandu, aliyense amalakwitsa, kungoti tsiku lina azisamala akamagwira zinthu za eni.